Ndakaona kumene chikande chimachokera

 Sabata yatha munandisowa patsamba lino, ndipo ndamva kuti ena munayamba kale kunong'onezana kuti mkulu uja amunjata chifukwa cha pakamwa pake. Pepani, ndikadali panja. Ndinali kumpoto, pamwamba pa phiri la Nyika m'boma la Rumphi, kumene foni imasanduka mwala m'thumba ndipo palibe wokufunsa chiphaso cha msika.

Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya chikande. Kumpoto amati chinaka, anzathu a ku Zambia amati chikanda, ena mwa iwo mpaka kuchipatsa ulemu kuti ndi poloni wa kuno kwathu. Mukuchidziwa inu: timbatata ting'onoting'ono tosinja, kusakaniza ndi nsinjiro, kuthira soda kapena chidulo, mchere ndi tsabola, kuvundula pamoto mpaka chilimbe ngati chiwindi, kenaka kudula zidutswa. Munthu ukadyera nsima umaiwala kuti nyama inakwera mtengo. Koma ndani mwa inu, ogulitsa ndi ogula omwe, anafunsapo kuti timbatata timeneti timalimidwa m'munda mwa yani? Mukamufunsa wokuodetsani amangoti "kumapiri", n'kusintha nkhani. Ine kumapiriko ndakafikako ndi mapazi angawa, ndipo mundawo ndauona. Okolola alipo ambiri, wobzala palibe.

Ndisakunamizeni, sindinanyamuke kuno ngati mzungu wa kamera pakhosi. Ndinaperekeza msuweni wanga amene amapikula nyemba ku Rumphi, ndiye kunapezeka galimoto yokatula katundu pamwamba, ine n'kuti mwayi ngati uwu subwera kawiri, ndikwere nawo. Kuchoka pa Rumphi boma, kudutsa pa Bolero, mpaka pachipata cha Thazima ndi makilomita pafupifupi 55. Ukafika pachipatapo umayesa wafika, osadziwa kuti kwatsala ena 60 kukafika ku Chelinda kumene kuli malo ogona alendo. Msewu umenewu, umene umapitirira mpaka ku Chitipa, wathiridwa phula kambirimbiri chiyambire 1994, koma phula lake la pakamwa, la pamsonkhano wa kampeni, limene limasungunuka mavoti akangowerengedwa. Tinafika matumbo atasinthana malo.

Chimodzi ndikutsineni khutu: pachipata paja Mmalawi salipira mofanana ndi mlendo wakunja. Ukaonetsa chitupa cha unzika umalipira ya kwathu konkuno, yotsika. Ndanena izi chifukwa ambirife timaganiza kuti malo ngati amenewa ndi a azungu okha, ngati kuti mbidzi zimafunsa pasipoti zisanakuyang'ane.

Chelinda ili pamwamba mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Mutatenga kukwera kwa mzinda wa Lilongwe n'kusanjikiza kawiri, simunafikebe. Unali mwezi wa Meyi, koma kuzizira kwake abale, bulangete ziwiri zinali ngati chitenje. Amati mu Juni ndi Julaye chisanu chimayera pa udzu m'mawa ngati wina wamwaza ufa. Inu a kaunjika amene mumalira kuti belo la majekete siliyenda, makasitomala anu ali kumeneko. Pamalopo pazunguliridwa ndi nkhalango ya paini imene si ya chilengedwe ayi. Anabzala ndi atsamunda a Colonial Development Corporation m'zaka za m'ma 1950, poyesa ngati angamapange mapepala. Mitengo inakula bwinobwino, koma kuitsitsa pamsewu uja kunali kudula kuposa mitengo yomwe. Anawerengera zonse, n'kuiwala thiransipoti. Geni imeneyo mukuidziwa mathero ake.

Lamulo la kumeneko n'lakuti mlendo salowa m'tchire yekha. Amakupatsa wa gemu woti akutsogolere. Wanga anali bambo wamfupi, ndevu zayamba imvi, jombo kumapazi, mfuti paphewa, kawailesi kolankhulirana m'chiuno. Anandipatsa moni wa kwawo, "Monire adada", kenaka anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali ngati wogula amene akukayika katundu.

"Zifika," anatero. "Koma mumve izi adada. Mukhale kumbuyo kwanga. Ndikaima, imani. Ndikakhala pansi, khalani, chifukwa chake mufunsa pambuyo."

Tinanyamuka dzuwa likungotuluka, mame akunyowetsa buluku mpaka m'maondo.

Mukamva zoti phiri musaganize za Mulanje ndi matanthwe ake otchinga kumwamba. Pamwamba pa Nyika ndi timapiri ta udzu wamfupi, tozungulira, kena kuseri kwa kanzake mpaka kumene maso amalekezera, ngati mitumbira ya mbatata imene inaundidwa ndi chimphona. Mitengo ya chilengedwe imangopezeka m'makwawa, timagulu ta nkhalango yakuda bii. Nsonga yaitali ndi Nganda, mamita 2,600 ndi pang'ono, ndiye Sapitwa wa mamita 3,002 akadali mkulu wake. Koma pa kukula kwa malo, paki ya Nyika ndiyo yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, yoposa masikweya kilomita 3,000, kuposa boma lonse la Blantyre. Ndiyonso yoyamba, inakhazikitsidwa mu 1965. Chimene chinandizunguza mutu ine, munthu wozolowera phokoso la makondakitala ndi oitanira malonda, ndi bata. Umamva mtima wako ukugunda, basi.

Tisanayende ola, adada anatukula dzanja n'kukhala pansi. Nane pansi khwatha. Anazula udzu pang'ono n'kuuponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, kenaka tinazungulira kamtunda chokwawa kuti fungo lathu lisatsogole. Titasuzumira kuseri, ndithu mbidzi zoposa khumi zikudya, pafupi ngati apa ndi pomwe amaimika minibasi. Chapatali pang'ono kunali nyama zina zazitali, makutu ataliatali, nyanga zopindikira kumbuyo, kumaso kwakuda ndi koyera ngati zavala chinyau.

"Achilembwe amenewo," anandinong'oneza.

Ine ndinkadziwa Chilembwe mmodzi yekha, wa pa K500, amene amalowa m'thumba m'mawa n'kutuluka isanakwane teni koloko. Uyu wa miyendo inayi anatiyang'ana, n'kupitiriza kudya osatekeseka. Tinaonanso ntchefu, zazikulu ngati ng'ombe za pangolo koma zolumpha ngati mbuzi, ndi mphoyo imene inaliza likhweru n'kuthawa. Nyalugwe sitinamuone, ngakhale Nyika imatchuka naye. Tinangoona mapazi ake pamatope, atsopano, ndipo kuchokera pamenepo palibe amene anandikumbutsanso zokhala kumbuyo kwa mwini mfuti.

Pakati pa timapiri timeneti pali madambo. Ukaponda, pansi pamanjenjemera ngati thonje lonyowa, madzi n'kutuluka m'mbali mwa nsapato. Adada anandiuza kuti ndigwire madziwo, anali ozizira ngati a mufiriji, n'kundifunsa ngati pamsika pathu pamapezeka mpunga wa kilombero. Ndinaseka, nanga msika wake uti wopanda kilombero? Anati ndiye mwagwira madzi ake. Madambo amenewa amamwa mvula ndi nkhungu, n'kumatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda ndi Wovwe imayambira pamwamba pomwepa. Wovwe ameneyo akatsika ku Karonga amazunguza makina a magetsi, n'kukathirira sikimu ya mpunga asanakalowe m'nyanja. Ndiye inu amayi amene mumayeza mpunga pambale, mwina simunapondepo Rumphi, koma Nyika imakudyetsani.

Cha m'ma teni tinafika pa Kaulime, kanyanja kakang'ono kamene kali makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa Chelinda. Madamu a pa Chelinda anakumba ndi anthu n'kuikamo nsomba zakunja, koma Kaulime ndi wa chilengedwe, yekhayo pamwamba ponsepo. Makolo a kumeneko ankati mumakhala chinjoka, ndipo ankaponyamo mikanda yoyera popempha mvula ndi mtendere. Ndinafunsa adada ngati iwo amakhulupirira zimenezo. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo, koma sanasambemo. Tinadyera pomwepo mbatata yootcha ndi tiyi wa m'fulasiki.

Chakutsogolo, m'mphepete mwa kankhalango kena, anatola chibuma chakuda, cholemera, chobookabooka ngati chisa cha mavu, n'kundiika m'manja. Zotsalira za ng'anjo. Aphoka, eni mapiri amenewa, ankasungunula chitsulo pamwamba pano kalekale sitolo zisanabwere, n'kumasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, kukasinthanitsa ndi a kumunsi. Inu a zitsulo, makolo a geni yanu ndi amenewo, ndipo analibe wowathamangitsa m'mbali mwa msewu. Chibumacho anachibwezera pomwe anachitola, chimodzimodzi m'mene chinagonera.

Tsopano ndifike pa nkhani yathu. Titawoloka dambo lina, adada anaima osatukula dzanja. Ndinaona nkhope yawo yasintha. Mbali yonse ya kamtunda inali maenje okhaokha, ang'onoang'ono ngati okumba mbewa, mazanamazana, dothi lake lisanaume. Pambali pa dzenje lililonse panali kamtengo kofota kotayidwa.

"Munda wa chikande uja ndi umenewu," anatero.

Timbatata tija, abale anga, ndi mizu ya maluwa a m'tchire amene azungu amati orchid. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa amenewa, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale alendo amachoka kutsidya la nyanja, kulipira ndege, kudzangowajambula. Si onse amene amadyedwa, koma odyedwawo ndi ena mwa okongola kwambiri. Adada anafukula kamodzi kamene okumba anakaphonya, kuti ndione. Pansi pa duwa pamakhala timbatata tiwiri. Kena n'kofota, ndiko kadyetsa duwa chaka chino, ntchito yake yatha. Kena n'kolimba, kodzaza, ndiko kasunga chakudya choti duwa lidzaphukire chaka chamawa. Wokumba safuna kofotako. Amatenga kolimba.

Apa ndiye sindifunika kukutanthauzirani inu, chifukwa chinenero chimenechi ndi chanu. Kolimbako ndi mpamba. Aliyense wa ife amamudziwa mnzake amene geni inkayenda bwino, kenaka anayamba kutapa pampamba, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka tsiku lina benchi lake tinangoona pakhala wina. Kusiyana kwake n'kwakuti benchi limapeza mwini watsopano sabata yomweyo, pomwe duwa ili silibwerera msanga. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zilibe kamba wakewake ngati njere ya chimanga. Kuti imere imadalira tizinthu ta mtundu wa bowa ta m'nthaka momwemo, ndipo pamapita zaka isanafike pochita duwa ndi kubereka. N'chifukwa chake simunaonepo munthu ali ndi dimba la chikande. Akatswiri a ku Kew ku London pamodzi ndi anzawo a ku Zambia anayamba mu 2016 kuyesa njira zoti anthu azilima okha, koma chimene chili pamisika mpaka lero n'chokumba m'tchire.

Nanga zikuchulukiranji chonchi, popeza makolo ankadya chikande kuyambira kale osatha maluwa? Yankho lake ndi tauni. Ku Zambia chikanda chinali chakudya cha kumudzi, makamaka kwa Abemba kumpoto, ndiwo ya masiku osowa. Chitalowa mu Lusaka ndi m'matauni a migodi chinasanduka malonda a tsiku ndi tsiku, mpaka pamaukwati ndi m'masitolo akuluakulu. Madambo a kwawo atayamba kuperewera, amalonda anayamba kuoda kwa oyandikana nawo. Matumba ambiri amachokera kumapiri a kumwera kwa Tanzania, kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, moti mu 2005 boma la Tanzania linasandutsa phiri la Kitulo kukhala paki makamaka pofuna kuteteza maluwa. Ku Nyika nakonso sikutali. Kumadzulo kwa phirili ndi malire, kachigawo kena ka phiri lomweli n'ka Zambia, ndipo msewu wochokera ku Thazima penapake umayenda m'malire momwemo. Thumba likhoza kugona ku Malawi n'kudzuka ku Zambia popanda chidindo. Pamapepala, maluwa onse a mtundu umenewu ali m'pangano la maiko la CITES, loti asawoloke malire popanda chilolezo. Pamapepala.

Tinatsata mapazi a okumbawo mpaka kankhalango ka m'khwawa. Adada anandiuza kuti nditsale kaye, analowa okha mfuti ili m'manja, kenaka anandikodola. Pansi pa mtengo panali mafuwa atatu, phulusa likadali lofunda. Panali kapoto kakuda, kakhasu kakufupi kothera, ndi thumba la feteleza lodzaza theka ndi timbatata. Pambali pa thumbalo panali patapata ziwiri zobiriwira, imodzi yomanga ndi waya. Kukula kwake, mwana wa sitandade 4 kapena 5.

Tonse tinakhala chete. Kuzizira kumene ine ndinalira nako m'bulangete ziwiri, m'nyumba ya moto, mwana ameneyu anagona nako panja, kumene tinaona mapazi a nyalugwe, ndipo pothawa anathawa wosavala.

Adada analemba m'kabuku kawo, analankhula pa wailesi kuuza anzawo malo ake, n'kutenga thumba ndi kakhasu. Patapata anazisiya, anangoziika pamwamba pa fuwa kuti zioneke. Kenaka anatembenukira kunkhalango n'kufuula m'Chitumbuka. Nditafunsa, anati awauza kuti akudziwa kuti akumva, kuti thumba lapita ku ofesi, ndiponso kuti nkhungu ikubwera, atsike msanga motsata mtsinje asanasochere ndi mwana.

Tili m'njira ndinawafunsa ngati amawadziwa anthuwo. Anayenda kaye mtunda ndithu asanayankhe.

"Nkhope sindinazione adada. Koma ndikatsika kumudzi Loweruka, tikakhala tchalitchi chimodzi."

Ndiye anandifotokozera. Mu 1978 boma linakuza paki ya Nyika, kuchoka pamwamba pokha mpaka kutsetsereka m'mbali, ndipo midzi imene inali m'katimo inasamutsidwa. Inu amene munalipo nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa kuti masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti chifukwa chiyani, unkangofunsa kuti lole inyamuka nthawi yanji. Agogo awo aakazi anali m'gulu limenelo. Anasiya minda, nthochi ndi manda, n'kukapatsidwa malo kumunsi kotentha kumene anakumana ndi udzudzu umene kumtunda sankaudziwa. Mpaka kumwalira kwawo, akati "kwathu" ankaloza m'kati mwa paki. Mdzukulu wawo ndi ameneyu lero akulondera malo omwewo ndi mfuti ya boma.

"Ndiye wina akandiuza kuti ndi wakuba, ndimavomera, lamulo likutero. Koma agogo ake ankakumba pompano popanda womutcha wakuba. Chasintha n'choti agogo ankakumba kambale ka ndiwo. Uyu akukumba thumba, chifukwa kuli munthu kumalire amene wamulonjeza ndalama."

Munthu wa kumalire ameneyo ndiye amene ine ndikufuna timuyang'ane bwino, chifukwa ndi mnzathu wa geni. Iye sagona m'nkhungu. Sakumana ndi nyalugwe, sakumana ndi wa gemu. Amakhala pasitolo ndi sikelo kapena chigoba chake, kugula motsika chifukwa akudziwa kuti wokumba sangakadandaule kwa aliyense, nanga katundu wobisa amakanganirana mtengo? Akagwidwa, wogwidwa ndi mayi wa kakhasu. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zinakwera, mpaka zaka 30 kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, ndipo ngakhale kungopezeka m'paki popanda chilolezo ndi mlandu. Koma ndende zathu zimadziwa kulandira osavala nsapato. Ovala nsapato amadutsa panja akuimba likhweru.

Sindikuti musiye kudya chikande, ine ndemwe ndakulira chomwecho ndipo mate akudza pamene ndikulemba. Sindikutinso mayi amene amagulitsa zidutswa pabeseni kuti ana apite kusukulu ndi chigawenga. Koma tisamanamizane kuti ndi ndiwo yaulere ya Mulungu imene siidzatha. Mukaona timbatata tikubwera tating'ono kuposa kale, mukaona wokuodetsani akusakaniza ndi tina tamadzimadzi tosagwira bwino mumphika, mukaona mtengo ukukwera ngakhale nyengo yake, musathamangire kunena dola. Mufunseni kuti chaka chino wakatenga kutali bwanji.

Nkhungu imene ananena ija inatipeza cha m'ma thuu koloko. Ine ndinkayesa akungoopseza anthu aja, popeza kumwamba kunali kowala. Inatulukira kum'mawa, mbali ya kunyanja, ikukwawa pamwamba pa udzu ngati utsi wa uvuni wa njerwa, ndipo pasanathe mphindi khumi timapiri tonse tinafufutika. Ndikatambasula dzanja ndinkaona zala zokha. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake salola munthu kuyenda yekha. Kuja kulibe mtengo woti uukumbukire, kulibe nyumba, kamtunda kalikonse n'kofanana ndi kanzake, ndipo ukagona panja utanyowa, chokupha si chilombo ayi, ndi kuzizira.

"Gwirani lamba wa chikwama changa. Pachokopachoko, adada."

Tinayenda choncho ngati wakhungu ndi mwana wake pa depoti. Ndinaona kuti sankayang'ana kutsogolo, popeza kunalibe choona. Ankayang'ana pansi. Ankasunga kutsetsereka kwa mtunda kudzanja lamanzere, akafika pakamtsinje n'kuima kuona kolowera madzi, kenaka n'kumvetsera mphepo patsaya. Pena anagwada n'kununkhiza ndowe zazikulu ngati mitanda ya nsima ya pamaliro. Zinali za njovu, koma anati n'zadzana. Mu 2017 anabweretsa njovu 34 kuchokera ku Liwonde kudzawonjezera zochepa zimene zinalipo. Zimakonda kumunsi kwa mitengo, koma nthawi zina zimadutsa pamwamba, ndipo m'nkhungu njovu umaizindikira utaigunda. Kuchokera pamenepo anayamba kutsokomola dala ndi kumenya chala pachitsulo cha mfuti, kuti chilichonse chili kutsogolo chidziwe kuti kukubwera anthu.

Ndi m'nkhungu momwemo mmene phazi lawo linakodwa. Anawerama n'kutukula waya wa buleki ya njinga, wopota bwino, womangirira pachikhomo, pakanjira ka nyama kopita kumadzi. Inu ogulitsa zipangizo za njinga, waya wanu amafika kutali. Anafufuza mozungulira n'kupeza ena anayi. Anati msampha susankha: wotchera amafuna gwape, koma umagwira mwana wa mbidzi, fisi, ngakhale nyalugwe, ndipo nyama zambiri zimangoolera pomwepo mwini msampha osabwerako. Apa mawu awo analibe chifundo chimene anali nacho pa patapata zija.

Maola awiri tikuyenda chomwecho, miyendo yanga itayamba kukambirana zonyanyala ntchito, ndinamva fungo la paini. Kenaka mitengo ija inatulukira m'nkhungu, yakuda, ili pamzere ngati asilikali. Atsamunda analephera geni yawo ya mapepala, koma tsiku limenelo ndinawathokoza.

Madzulo tikuotha moto ndinawafunsa za chiyembekezo. Mu 2023 boma linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loti aziyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Adada sanafune kulowa ndale, ndipo sindinawakakamize, munthu ali pantchito. Anangoti njira yololedwa ilipo kale: midzi yozungulira ili ndi magulu amene amaloledwa kupachika ming'oma ya njuchi, kumweta udzu ndi kuzula bowa ndi chilolezo, ndipo gawo la ndalama za pachipata limayenera kubwerera kumidzi. Vuto n'lakuti wa uchi amadikira wogula miyezi, pomwe wa chikande ndalama yake ndi ya pompopompo. Ine ndiwonjezere changa: pangano ndi pepala, ndipo mapepala ife a mumsika taona ambiri, ena anatilonjeza mashedi ndi mipopi. Ndidzakhulupirira tsiku limene mayi uja adzapeze wogula uchi wake pakhomo mofulumira ngati m'mene amapezera wogula thumba. Ndipo apa mpata ulipo, inu amene mumalira kuti aliyense akugulitsa zofanana. Uchi wa ku Rumphi ndi weniweni, wosathira shuga, khofi wa kumapiri a Phoka amadziwika mpaka kunja, ndipo katundu ameneyu umakwera naye basi masana, osabisa pansi pa mpando.

Asanapite kukagona, adada anatsanula thumba lija pansi n'kuyamba kusankha timbatata tosavulala, kuika padera. Anati akalembetsa ku ofesi apempha kuti tomweto akatikwirire m'maenje muja, mwina tina tigwira. Kenaka anandifunsa kuti kutauni kachidutswa kamodzi ka chikande timagula zingati. Nditawauza, anawerenga ndi zala, kuyerekeza zidutswa zimene zingatuluke m'theka la thumba, n'kutchula ndalama imene wa kumalire amapereka pa thumba lathunthu. Anapukusa mutu, anakulunga mawaya asanu aja pamkono, n'kunena kuti mawa folo koloko akunyamuka ndi anzawo atatu kulowera kumene tinapeza moto kuja, akagona konko masiku anayi.